Dzanja Lili M'thumba

Ku komponi, Joni
13 Febuluwale 1972

Okondedwa amake Wyson,

Moseliwa kumeneko? Ndayamba ndi Chilomwe kuti mudziwe kuti wolankhula ndine, chifukwa zolembazi mwaona kale kuti si zanga. Akundilembera ndi a Isake, mnzanga wa ku Milonde amene timagona chipinda chimodzi. Iwowa amalemba mokongola ngati aphunzitsi, ndiye ndati mkazi wanga nayenso alandireko kalata yooneka bwino. Ine ndili bwino. Kaya inu, kaya apongozi ndi miyendo yawo ija, kaya Wyson ndi Marjory?

Ndalama ndatumiza ku positi ya ku boma. Zachepako, musadabwe, mwezi unali wovuta. Mugulire Marjory yunifolomu, yotsalayo sopo ndi mchere. Mbuzi musagulitse. Denga la khitchini mwati likudontha, ikani kaye beseni mpaka udzu ukhwime.

Tsono nkhani ya Wyson. Mwati wayamba kunyansidwa ndi ntchito yake ya pa sikelo ku esiteti, akuti kuyeza masamba a tiyi ndi ntchito ya nkhalamba, akufuna abwere kuno ku mgodi. Mwati wamutembenuza mutu ndi Spencer, mwana wa a Thomson, amene wabwerako ndi suti, wotchi ndi gumbagumba. Spencer ndimamudziwa, tinakhala naye komponi imodzi. Mumufunse Wyson: Spencer atamaliza kumuonetsa wotchi, anamuonetsako msana? Ndipo ngati kuno n'kokoma choncho, bwanji Spencer sakuthamangira kubwerera? Munthu wochokera ku Joni amaonetsa zimene zalowa m'sutikesi. Zina zija amagona nazo yekha.

Mwanayo asabwere. Ndi mawu anga amenewo, ndipo sindisintha.

Ndikuseketseniko. Lachiwiri lapitali masana kunabwera azungu awiri ndi kamera pa sitolo ya pa komponi, akufuna munthu wamtali wa mano onse. Mukudziwa kuti pa zinthu ziwirizi Mulungu sanandimane. Anandiveka jekete, kundiimika pambali pa njinga, kundipatsa botolo kuti ndilinyamule m'mwamba. Anati ndimwetulire ngati ndamva kuti kwathu kwabadwa mwana. Atamaliza anandipatsa marandi awiri ndi botolo lomwelo. Ndinafunsa kuti chithunzicho akupita nacho kuti, iwo anati kutali. Munthu akakulipira chifukwa cha mano ako okha, osanena kumene akupita nawo, uyenera kuda nkhawa. Nkhawa ndinada ndithu, koma marandiwo ndinalandira.

Mupereke moni kwa onse a pakhomo.

Ine amuna anu,
Jailos


Ku komponi, Joni
9 Epulo 1972

Okondedwa amake Wyson,

Ndakondwa kumva kuti mwadzuka bwino, ndi kuti nandolo wachita bwino m'munda wa kumtunda. Ine kuno ndilipo.

Mwafunsa ngati cholembera changa chinabedwa. Ayi, chilipo. Kungoti a Isake amakonda kulemba, ndipo kumulanda munthu chimene amakonda si Chikhristu.

Mwati pa wayilesi ya achimwene anu a Pilato mwamva za mafuta opaka amene amachiza miyendo, msana, mutu ndi kusowa tulo, ndiye mukufuna ndiwagulire apongozi. Amake Wyson, mankhwala ochiza matenda onse ine ndimawaopa kuposa matendawo. Mawa mukamvetserenso bwino. Mawu amene akuyamikira mafutawo ndi omwe aja amene dzulo amayamikira sopo, dzana mabatire. Munthu mmodzi ameneyu miyendo imamupweteka, zovala zimamudera, tochi imamuzimira, ndipo tsiku lililonse amapulumuka nthawi yake yomweyo. Amamulipira. Ine ndikamva chinthu chikutamandidwa ndimayamba ndadzifunsa kuti walipira ndani kuti mawu amenewa afike m'khutu mwanga.

Kuno pa geti Lamulungu lililonse pamabwera munthu wogulitsa mankhwala a m'mabotolo. Akalankhulalankhula, pakati pa anthu pamatuluka mkulu wina wotsimphina, wa ndodo. Amamwa supuni imodzi, kutaya ndodo, kuyamba kuvina. Anthu amalimbirana mabotolo ngati aulere. Mwezi watha ndinapita kukaona anzathu ku komponi ina, ndipo ndinamupeza mkulu yemweyo akutsimphinanso, koma mwendo wina. Ndinamupatsa moni, ndikuti, "Pepanitu bambo, kodi matenda aja asamuka?" Anandiyang'ana ngati ndamuponda pa mwendo wabwinowo.

Apongozi pitani nawo ku chipatala. Kumeneko akalephera amanena kuti talephera.

Makadi a chipani a chaka chino mugule, lanu, la apongozi ndi la Wyson, kuti asamakubwezeni pa chipata cha msika. Chimenechi ndi chinthu chokhacho chimene ndikukuuzani kuti mugule osafunsa mafunso. Za nkhani za pa wayilesi sindinenapo kanthu, zimenezo n'zoona zonse, ndipo a Isake akugwedeza mutu kuvomereza. Makalata masiku ano amadutsa m'manja mwa anthu ambiri okonda kuwerenga.

Mwati a Pilato akuti mwanayo apite, akaone dziko. Malo anga ndimawadziwa. Ine ndine mkamwini, ndinabwera kudzamanga nyumba pa dothi la kwanu, ndipo pa Wyson mawu omaliza ndi a atsibweni ake. Sindikulimbana ndi mwambo. Koma muwafunse mwaulemu alamu angawo kuti iwo dzikolo analiona liti. Kutali kumene ndikudziwa kuti anafika ndi ku Limbe, kokaoda katundu wa m'golosale, ndipo anabwerako akudandaula fumbi.

Mundisungireko kalongonda. Kuno nyemba zake n'zosakoma, ndipo shuga wakwera mtengo kachiwiri.

Ine amuna anu,
Jailos


Ku komponi, Joni
18 Juni 1972

Okondedwa amake Wyson,

Muli bwanji nonse? Kuno kukuzizira koti chiperoni cha kwathu ndi masewera. Madzi a pa mpopi m'mawa amaluma. Ine ndili bwino kupatula kachifuwa ka nyengo yozizira, aliyense kuno ali nako.

Ndiye "kutali" kuja kunali kwathu ku Chonde!

Mwati nkhope yanga yafika pa lole ya katundu, yosindikizidwa pa lata lalikulu ngati zenera, ndipo a Pilato aikhomera pakhomo pa golosale. Mwati pansi pake alemba m'Chichewa kuti, "Imwani Njati Toniki. Amuna a ku mgodi amamwa Njati." Mwati anthu akuchoka ku Chitakale kudzandiona, amayi a ku tchalitchi ayamba kukupatsani moni wogwada, ndipo Wyson akaweruka amakaima pamenepo mpaka sitolo kutseka. A Isake aseka mpaka inki yadontha, ndi banga mukulionali.

Tiyeni tsono timuvule munthu wa pa latayo, monga anandivekera. Jeketeyo inali yaikulu, kumbuyo anaikoka n'kuibaya mapini. Ndikanatembenuka mukanaona nungu. Njingayo inalibe tcheni, inabwera pa galimoto, inabwerera pa galimoto. Nyumba ya maluwa ili kumbuyo kwangayo ndi nsalu yojambulidwa, anaipachika pa khoma la sitolo, ndipo kuseri kwa nsaluyo kunali migolo ya zinyalala. Mapazi sakuoneka chifukwa ndinavala majombo ong'ambika. Kuwala kwa pa nkhope ndi mafuta ophikira, anandipaka ndi kansalu ngati akukonza mbale.

Tonikiyo ndinailawa tsiku lomwelo. Ndi madzi ndi shuga wopsereza, ndi kenakake konunkha phula. Yotsalayo a Isake anapukutira nsapato, ndipo pa ntchito imeneyo yokha ndingaichitire umboni. Amuna a ku mgodi amene ndimawadziwa ine amamwa mahewu, ndipo Loweruka amamwa zina zimene sindingalembe kwa mkazi wa mu kwaya. Changa chenicheni pa lata ponsepo ndi mano.

Mwati a Pilato akuuza ogula kuti ndimamwa botolo limodzi sabata iliyonse, kuti n'chifukwa chake anandikweza kukhala kapitawo, ndiponso kuti ndinawalembera ndekha zimenezi. Muwapemphe akuonetseni kalatayo. Ndikufuna ndidziwe ngati ndinalemba bwino. Alamu anga sindikuwanena kuti ndi abodza, ayi. Ndikungoti munthu amene ali ndi makatoni a mabotolo pansi pa kauntala amakumbukira zinthu mosiyana ndi ife.

Ndipo taganizani, amake Wyson. Wotchola tiyi amatuluka m'nyumba kusanache, mame mpaka m'chiuno, dengu kumsana, kenako malipiro a tsiku lonse akawasiye pa kauntala ya a Pilato chifukwa chakuti ine ndikumwetulira. Zimenezi sizikundiseketsa ngati mmene zaseketsera a Isake. Amene angakufunseni muwauze kuti mwini manowo akuti agule mazira.

Wyson mumuwerengere kalata ino yonse, osadumpha.

Ine amuna anu,
Jailos


Ku komponi, Joni
23 Julayi 1972

Wyson mwana wanga,

Uli bwanji? Ine ndili bwino. Amayi ako andilembera mawu ako monga unawanenera, ndipo ndawawerenga kangapo. Akuti unati, "Abambo akufuna azidya okha za ku Joni. Kalata munthu amalemba zimene wafuna, koma chithunzi sichinama."

Sindinakwiye. Theka loyambalo ndaseka, chifukwa ukanaona zimene ndimadya ukanandisiyira ndithu. Theka lachiwirilo lili ndi nzeru mkati mwake, kungoti waimira panjira. N'zoona, kalata munthu amalemba zimene wafuna. Koma kamera nayonso ili ndi mwini wake. Siimadzuka yokha m'mawa n'kupita kukajambula anthu. Wina amainyamula, amasankha poima, amasankha tsiku, amasankha munthu wa mano. Chithunzi chilichonse chili ndi m'mphepete, ndipo amene wasankha podutsa m'mphepetemo ndiye amene akulankhula nawe.

Iwe ntchito yako ndi ya pa sikelo. Mayi akabwera ndi dengu, pamwamba pali masamba anthete okhaokha, awiriawiri ndi kamphukira kake, obiriwira bwino. Kodi umangolemba? Si paja umapisa dzanja mpaka pansi, chifukwa ukudziwa kuti pansipo pamabisala masamba okalamba, nthawi zina onyowetsedwa dala kuti alemere? Mayiyo sananame. Masamba a pamwambawo ndi tiyi weniweni. Wangosankha oti uwaone. Ndiye bwanji dengu la mayi wosauka umalipisa, koma lata la anthu a galimoto ukulilandira ndi manja awiri?

Kuno amatigawira nyuzipepala yaulere. Muli mpira, magule a Lamulungu, ndi munthu akulandira wotchi kwa mzungu atagwira ntchito zaka zambiri. Chibwerereni sindinaonemo munthu wovulala ngakhale mmodzi. Mwina mgodi umene amalembawo uli kwina, ndikaupeza ndidzakuitana.

Umene ndikuudziwa ine ndi uwu. Mumalowa m'chikepe mothithikana ngati matumba, n'kutsika mpaka makutu kutseka. Pansipo pamatentha kuposa chipinda choumitsira tiyi ku fakitale, ndipo suimirira, umakwawa. Fumbi limalowa paliponse. Mwala ukafuna kugwa suyamba wafunsa kuti uyu ndi mwana wa yani. A kamera aja sanatsikeko, ndinawaona nsapato zawo. Zina ndikanalemba, koma a Isake akuti dzanja latopa.

Ndikudziwa kuti atsibweni ako avomera, ndipo ine sindingakuletse monga angakuletsere iwo. Ndikungopempha. Dikira ndibwere, tidzakhale pansi, udzandifunse chilichonse. Podikirapo pita pa golosale paja, usayang'ane mano. Uyang'ane zimene sukuziona.

Ine bambo ako,
Jailos


Ku komponi, Joni
27 Ogasiti 1972

Okondedwa amake Wyson,

Ndikhulupirira muli bwino. Ndamva kuti apongozi alandira mapiritsi ku chipatala ndipo ayamba kufika kumunda. Mwaona, popanda wayilesi.

Kalata yanu yafika. A Isake ataiwerenga anaipinda bwinobwino, n'kundiyang'ana, akuti, "Achimwene, munakwatira wapolisi."

Ntchito ndinapatsa Wyson, koma mwaigwira ndinu. Mwati munapita pa golosale, munaima kutsogolo kwa latalo nthawi yaitali mpaka a Pilato anatuluka n'kufunsa kuti, "Achemwali, mukufuna kugula amuna anu omwe?" Ndiye mwabwerako ndi mafunso.

Mwati, Lachiwiri masana anzanu ali pansi pa mgodi, inu mumatani pa sitolo? Mwati, ndalama zinayamba kuchepa mwezi womwewo umene a Isake anayamba kukonda kulemba. Mwati, botolo mwanyamula ndi dzanja lamanzere, inu amene ngakhale mchere simulandira ndi lamanzere. Ndipo lamanja lili m'thumba, inu amene munamukoka khutu Wyson pa maliro a agogo ake chifukwa choika manja m'thumba pamaso pa akulu. Mwati munthu wa pa lata ndinamuvula zonse, jekete, njinga, nyumba, mafuta a pa nkhope, koma thumba ndinalidumpha.

Amake Wyson, ine ndinakuphunzitsani kukayikira a wayilesi ndi a mabotolo. Sindinanene kuti muyambire m'nyumba.

Ndiyankha motere. Wojambula ndiye anati ndiike dzanja m'thumba, ndipo zimenezi n'zoona. Pa sitolo ndinalipo chifukwa anandipatsa kaye ntchito ya pamwamba, yosesa pa komponi, ndipo malipiro ake ndi ocheperapo. Zimenezinso n'zoona. Zotsalazo ndi zokambirana pamaso, si za pa pepala.

Chandidetsa nkhawa ndi china. Mwati kalata yanga Wyson anaiwerenga n'kungoibweza. Mwati a Pilato amupatsa kale ndalama ya basi, ndipo akangolandira malipiro a kumapeto kwa Seputembala akupita kukalembetsa za ku mgodi ku Wenela. Mwati a Pilato akuti mwana akakafika azidzatumiza katundu wa ku Joni woti agulitse m'golosale. Ndiye mwamva nokha chimene chili pansi pa dengu la alamu anga.

Mugwireni mwanayo. Lankhulani ndi abusa. Pitani kwa apongozi, a Pilato amawaopa amayi awo kuposa boma. Mukafuna bisani nsapato zake.

Pomaliza mwalemba kuti simungamugwire mwana ndi mawu a munthu amene nayenso akubisa. Mawu amenewa a Isake anafuna kuwadumpha powerenga, koma ndinawaona ndekha.

Ine amuna anu,
Jailos


Ku komponi, Joni
10 Seputembala 1972

Amake Wyson,

Muli bwanji? Zolemba zokhotakhotazi ndi zanga. Ndi dzanja lamanzere, layamba sukulu chaka chino, mulikhululukire. A Isake ndawapumitsa.

Mu Januwale ngolo ya miyala inandipana dzanja lamanja. Zala zitatu zinatsala pansi pa mgodi. Chachikulu ndi chaching'ono zilipo, zikupereka moni. Bala linapola.

Azungu a kamera aja anaiona bandeji. Sanafunse kanthu. Mmodzi anangoti, "Lowetsa m'thumba." Ndinalowetsa. Ndipo inunso ndakhala ndikukulemberani dzanja lili m'thumba momwemo. Ndimati mudzaone ndili pakhomo, ndikuseka, kuti musalire nokha.

Dzulo ndinapita ku lokeshoni kwa wojambula amene anzathu onse amapitako. Ali ndi suti imodzi, wayilesi yopanda mabatire ndi mpando wa maluwa. Theka la zithunzi za ku Joni zimene zili m'nyumba za ku Mulanje zili ndi suti imeneyo. Anafuna kundiveka, ndinakana. Ataona dzanja anati, "Musadandaule bambo, libiseni kuseri kwa mpando, ndi mmene timachitira ndi onse." Ndinati ndabwera kudzajambulitsa dzanjalo, nkhope ingoperekeza. Anati chiyambireni ntchito yake sanaonepo munthu wolipira kuti aoneke choncho.

Chithunzicho ndi ichi. Muyambe mwachiona nokha, mutakhala pansi. Kenako Wyson. Kenako mukachikhome pa golosale, pambali pa chinzake, tsiku la msika. A Pilato akakana muwauze kuti nkhope zonse ziwiri ndi za mlamu wawo, asasankhe.

Wyson mumuuze ichi, chifukwa ayenera kudziwa wolipira. Chithunzi ichi walipira ndine. Nanenso ndili ndi chimene ndikufuna. Ndikufuna asabwere.

Dzanja latopa, ndipo ulendo uno n'zoona.

Jailos


Ku komponi, Joni
19 Novembala 1972

Okondedwa amake Wyson,

Moni nonse. Mwaona kuti mwana wa sukulu uja wayamba kuwongola mizere. Kalata yanu inachedwa, ndipo masabata amenewo a Isake amanditenga ngati wodwala mutu, chifukwa ndimapita kukaona basi iliyonse yobweretsa anthu atsopano, kuyang'ana nkhope imodziimodzi.

Mwati munalira, kenako munakwiya, kenako munakafuna misomali. Ndi mmene ndimakudziwirani.

Alamu anga ndawavulira chipewa. Mwati mutakhoma chithunzicho anthu anaunjikana, a Pilato anatuluka, anayang'ana uku ndi uku, osagwedezeka n'komwe, n'kunena mokweza kuti, "Mwaona abale? Uku akumwa Njati. Uku atasiya." Ndipo mwati anagulitsa mabotolo angapo pomwepo! Munthu ameneyu akanabadwira kuno akanakhala ndi galimoto ndi kamera yake.

Koma ndime yotsatirayo ndaiwerenga mpaka pepala lafewa. Mwati Wyson anafika kuchokera ku esiteti, anaima kumbuyo kwa anthu, kenako anadutsa n'kufika kutsogolo, manja kumbuyo mwaulemu, n'kunena kuti, "Atsibweni, ngati zala zinalipo nthawi imene amamwayo, tatulutsani dzanja lili m'thumbali tiziwerenge." Kenako mayi wina wotchola tiyi, botolo lili m'manja, anati, "A Pilato, tatembenuzani latalo, mwina zala zili kuseri." Anthu anaseka mpaka ogulitsa nanazi kusiya malonda, ndipo mayiyo anabweza botolo pa kauntala.

Mwati a Pilato anati mwanayo ndi wopanda mwambo, watengera bambo ake, ndipo abweze ya basi ija. Mwati Wyson anaitulutsa pomwepo, anagwada, anaipereka ndi manja awiri. Ndiye ali pa sikelo pake, ndipo Seputembala anadutsa. Amake Wyson, sindidziwa kulemba mmene ndikumvera, ngakhale ndikanakhala ndi zala zonse.

A Pilato musawakwiyire kwambiri, ndi atsibweni a ana, tidzawafunabe pa ukwati wa Marjory. Mwati latalo analizula n'kuliponya kuseri kwa sitolo, Marjory analitola, ndipo mwatsekera podontha paja pa denga la khitchini. Mvula yoyamba yagwa, pansi pouma. Ndiye Njati Toniki yachizako kanthu ndithu. Ndikanadziwa adiresi yawo ndikanawalembera umboni.

Tsono pansi pa kalata yanu Wyson waikapo mzere wake umodzi. Akuti, "Abambo, chithunzi chachiwirichi nachonso chili ndi m'mphepete. Mwasiya kunja chiyani?"

Mwana ameneyu ndamuphunzitsa mopitirira.

Mumuuze kuti kamera sijambula chifuwa. Kachifuwa ka mu Juni kaja sikanapite ndi kuzizira. Sabata yatha dokotala wa pa mgodi anandiunika, anayang'ana chithunzi cha m'chifuwamo nthawi yaitali, n'kunena kuti kontirakiti yanga ithere pomwepa, ndipite kwathu ndikapume mpweya wa ku phiri. Sananene zambiri. Ndipo ine, amene ndimafunsa wayilesi, nyuzipepala ndi anthu otsimphina, ulendo uno sindinafunse. Mudzandiperekeze ku chipatala cha kwathuko, mukafunse ndinu. Ndaona kuti mumatha.

Ndifika Khirisimasi isanakwane. Wyson adzandichingamire pa siteji ya Chonde, adzanyamule sutikesi. Mulibe gumbagumba, muli bulangeti la apongozi, nsalu yanu ndi nsapato za ana. Musayembekezere munthu wonyezimira uja, ameneyo musiyeni pa denga, ali pa ntchito. Akubwerayu ndi wowondako, koma mano alipo onse.

Ndipo alamu anga akadzabwera kudzandizonda atanyamula botolo, chifukwa ndikudziwa kuti adzanyamula, mudzalandire ndi manja awiri. Nsapato zanga zidzafuna kupukuta.

Ine amuna anu,
Jailos